Njinga Yopanda Pokhala Mkazi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatilowa m'mafupa. Nkhungu ikatsika m'phiri m'mawa imadzakhala pakhonde ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Musadabwe kulandira kalata ya ine Kalisito, amene mudandisiya ndikudinda chala. Ndakhala ndikupita kusukulu ya kwacha ndi imvi zangazi, ndiye zilembo ngakhale zikupendekeka, zikufika.

Nkhani imene yandikhazika pansiyi woyamba kundiuza adali a Fabiano, ophikira ansembe kumishoni aja, amene inu munkati amathira mchere ngati akulanga munthu. Koma ndisanalowe m'menemo ndiyambe ndakuuzani za pakhomo, mungati ndakula mwano. Mdzukulu wanu Tereza adachira mwezi wa Epulo, mwana wamwamuna, mphumi yake ndi yanu yeniyeni. Kachewere wachita bwino, koma nyemba zidaolera m'munda ndi mvula. Mlongo wanga Rozina ali bwino kwathu ku Kasina, ndipo adatumiza mawu kuti mtengo wa mapichesi mudabzala kuseri kwa nkhokwe uja udabereka mpaka nthambi kuthyoka. Mbuzi yaikazi yamawanga ija idagwidwa ndi fisi. Zina zonse zili momwe mudazisiyira.

Tsono a Fabiano. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi adandikokera kuseri kwa khitchini n'kundiuza kuti m'nyumba yosungiramo laimu ndi mabenchi othyoka mwagona njinga yamoto ya abambo andevu aja, amene adabwera kudzakudzozani mafuta mutadwala koyamba. Eni ake adabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja, njinga n'kutsala, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Adatinso wansembe watsopano, wachinyamata, akufunafuna munthu woti azimuuza nthano ndi miyambi kuti azilemba m'kope, ndiye iwo adatchula dzina langa. Amayi, ndidapita Lachitatu lililonse chilimwe chonse. Ndidakhuthula zonse zimene munkatiuza tikutongola chimanga, ndi zina zimene ndidatola ndili pantchito kunja ku Sozibele, ndi zinanso zimene ndinkapeka ndili panjira. Pomaliza abambowo adafunsa kuti andithokoze ndi chiyani, bulangete kapena jekete. Ine ndidaloza kunyumba ya laimu. Adaseka, amvekere njinga imeneyo idafa kalekale. Ndidawauza kuti wakufayo mawu ake ndimawadziwa, ndidawamva zaka zambiri akukwera chitunda cha kwathu, ndipo akadzayankhulanso ndidzawazindikira.

Munkakonda kunena kuti, "Kalisito, pakamwa pakopa padzakumangitsa." Masiku ano mawu amenewo ndimawakumbukira ndikakhala pagulu, ndipo nkhani ndimachita kusankha. Koma taonani, ulendo uno pakamwa pomwepo pandibweretsera njinga yamoto.

Tidaitenga pangolo ya alamu anga a Damiano, mlongo wa mkazi wanga. Itafika pakhomo, mpongozi wanu a Nambewe adaimba nthungululu mpaka agalu kuuwa. Adatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta chishalo chachitali chija, makamaka kumbuyo kumene ankakhala akatekisiti, n'kunena kuti tsopano nawonso azipita ku Misa atakhala ngati akazi a ahedi, miyendo yawo yatopa nacho chitunda cha kutchalitchi. Mawu amenewo ndidawamva, koma ndidawamva ngati mmene munthu amamvera mvula ali m'nyumba yofoleredwa bwino.

M'kabokosi ka m'mbali mwa njingayo mudali masipanala atatu okulungidwa m'pepala la m'magazini. Nditalitambasula, mtima udagunda. Padali chithunzi cha mnyamata wachizungu, tsitsi lofika m'mapewa loti kuno akadammeta asanamwe ndi madzi omwe, atagonera njinga ngati chule pamwala. Njingayo idali mtundu umodzi ndi yangayi, koma yovulidwa zonse. Mahandulo adali otsika pafupi ndi thanki, madigadi odulidwa, kaliyala palibe, chishalo cha munthu mmodzi chokhala ndi linunda kumbuyo ngati la nkhunzi. Ndidathamanga nalo kwa wansembe wachinyamata uja. Adandifotokozera kuti kwawo kutsidya kwa nyanja anyamata amatenga njinga zakale n'kuchotsa chilichonse cholemera, kenaka n'kumathamangitsana kuchoka pa tiyirumu ina kukafika pa inzake, ndipo njinga yotere amaitcha kafe resa. Ndidafunsa kuti woyamba kufika amapatsidwa chiyani. Adati palibe, amangomwa tiyi n'kubwerera. Apo ndidadziwa kuti anyamata amenewa ndi abale anga, anthu oyenda mtunda wautali kuti akangocheza. Kuyambira tsiku limenelo tulo tanga tidali ta njinga ya pachithunzi.

Inu mukudziwa kuti sipanala ndidali ndisanaigwirepo. Ku Sozibele kuja ndinkathirira maluwa. Ndidayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kuyamba kumasula. Mutu wangawu umasunga anthu, susunga zitsulo, ndiye chilichonse chimene ndachotsa ndinkachipatsa dzina la munthu wa m'mudzi muno. Bawuti wamkulu wokana kumasuka adali a Damiano. Kasipuling'i kodumphadumpha kadali Tereza ali wamng'ono. Mawaya awiri osayenera kukhudzana adali akazi awiri a a Fabiano, wakale ndi watsopano. Ndidapeka nkhani yoti uyu adakhala pafupi ndi uyu, uyu adalowa m'nyumba mwa uje, ndipo pomanga ndinkangoikamba nkhaniyo chobwerera m'mbuyo. Simungakhulupirire, koma padatsala manati awiri okha opanda kwawo.

Mabawutiwo ndidawaika m'malichero a a Nambewe, iwo osadandaula. Ankachita kundithandiza kukwecha dzimbiri ndi mchenga ndi phulusa monga amachitira ndi mapoto, uku akuimba nyimbo za kwaya. Tcheni chidagona m'palafini sabata yathunthu. Zam'kati mwa injini sindidalimbe nazo mtima, ndidapita nayo pangolo kwa a Jasi, amene amakonza makina a chigayo kufupi ndi boma. Iwo adasintha malingi a pisitoni, adandipezera pulagi ndi matayala otha pang'ono, adatsukanso kabuleta, kachitsulo kosakaniza petulo ndi mpweya. Adati ndikaimange ndekha, ikakana kulira ndisawatukwane. Kubomako ndidapita maulendo osawerengeka. Tsiku lina anyamata a pachipata cha msika atafunsa khadi la chipani, ndidatulutsa lakuda bii ndi girisi, adachita kuliyang'anira padzuwa.

Kenaka idafika ntchito imene ndinkailakalaka, yoisandutsa ya pachithunzi. Mahandulo ndidawatembenuza chadodolido kuti atsike. Madigadi ndidawafupikitsa ndi sowo yodulira zitsulo imene ndidabwereka kwa a Jasi. Thanki ndidaipaka penti yobiriwira yotsala pazitseko za tchalitchi. Ndiye tsiku lina, a Nambewe ali kudimba kothirira kabichi, ndidachotsa chishalo chachitali chija, ndidachotsa kaliyala, chitsulo chakumbuyo n'kuchicheka. Ndidasema kathabwa, ndidayalapo ziguduli, n'kukutira ndi chikopa cha mbuzi. Linunda lidandisowetsa mtendere mpaka ndidaona chipanda chili pa tsindwi la khitchini. Ndidachidula pakati, ndidachikutiranso ndi chikopa, n'kuchikhomera kumbuyo kwa kathabwako. Nditaima patali, chithunzi chili m'manja, amayi, zidali ngati mapasa. Ndidavina ngoma ndekhandekha kuseri kwa nyumba, nkhuku zikundiyang'ana.

A Nambewe atabwera adatula ndowa, adaizungulira njingayo kamodzi, n'kufunsa funso limodzi lokha. "Nanga ine ndizikhala pati?"

Ndidayamba kufotokoza. Ndidakamba za kulemera, za mphepo, za anyamata a pa tiyirumu, ndidaonetsa ndi chithunzi chomwe. Ndidayankhula nthawi yokwana kupsa mphika wa nyemba. Iwo adangotola malichero awo, adakhuthulira mabawuti otsala pamphasa, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo, masabata atatu, mawu zii. Madzi osamba ndinkawapeza kubafa, chakudya ndinkachipeza chovindikira, koma wondiyankha padalibe. Njala ine ndimapirira, kuzizira ndimapirira, koma kukamba nkhani popanda woti "eya" ndi matenda amene sindidawazolowere.

Ndinkayesa kuti n'kukwiya kwa masiku onse, kotha ndi kapaketi ka shuga. Amene adanditsegula m'maso ndi a Damiano. Adabwera masana ena, adakhala pachitsa, adaiyang'ana njingayo nthawi yaitali.

"Alamu," adatero, "akuluakulu adati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Munthu wokhala pamudzi pa eni akachotsa pokhala mkazi wake, njinga n'kuisula kuti izithamanga kwambiri, anthu amvepo chiyani?"

Adandiuza kuti kuchitsime nkhani yatha kale: ena akuti ndikubwerera kwathu, ena akuti maulendo a kuboma aja ndidapezako wina. Adandikumbutsanso za ku Sozibele, kumene ndidatsanzika chaka chimodzi n'kukhalako zisanu ndi ziwiri, wopanda kalata, a Nambewe ndidawasiya Tereza ali kumsana. Inu nomwe mudayenda wapansi kuchokera ku Kasina, nkhuku ili m'khwapa, kudzapepesa kuti ukwati usathe. Ine zimenezo ndinkaziyesa zakale zokwiririka, osadziwa kuti mnzanga adangozifunditsa. A Damiano adati atumiza kale mawu kwa nkhoswe yanga kuti ibwere Lamulungu tikambirane ikatha Misa. Mukudziwa mmene zimathera zikavuta. Nyumba ndidamanga ndine, munda ndidaswa mphanje ndine, koma mkamwini amachoka ndi bulangete ndi nkhwangwa basi. Ndidayang'ana kunyumba ya Tereza kumene kamdzukulu kankalira. Ndidakumbukira mawu anu aja akuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndidatsimikiza mumtima kuti Lolemba ndikapempha a Jasi awotcherere chitsulo chija, koma sindidauze munthu, poti woti ndimuuzeyo ankati akandiona n'kutembenukira kukhoma.

Loweruka lapitali masana ndidamanga waya womaliza. Ndidali ndi mabotolo awiri a petulo ochokera kwa a Jasi, ndidathiramo limodzi. Ndidati ndingoimva mawu basi. Ndidaponda chitsulo cholizira, zii. Ndidapondanso, chidandibwezera mpaka bondo kuchita dzanzi. Ndidaponda, ndidaponda, thukuta kamukamu m'chisanu chonsechi. Mwadzidzidzi idatsokomola, idatulutsa utsi wakuda, n'kuyamba kulira. Koma kulirako kudali kwa munthu wachimfine, kosakhala kwake. A Jasi adandisonyeza kasikulu ka pakabuleta, amvekere kameneka amakatembenuza odziwa okha. Ine ndidagwada, khutu pafupi ndi injini, nsonga ya mpeni pakasikuluko, n'kumapotoza pang'onopang'ono monga timachitira powamba ng'oma pamoto, kuiomba, kumvetsera, kuibwezanso. Ndidapitirira, idayamba kulira mokalipa. Ndidabwerera pang'ono. Ndiye adabwera, amayi, mawu aja, du du du du, odekha, ochokera m'chifuwa, omwe aja tinkawamva ali kutsidya kwa dambo inu n'kumati tiyale mphasa abambo afika. Misozi idangotsika yokha. Anthu adayamba kutuluka m'nyumba zawo.

Pamenepo munthu wanzeru akadaizimitsa. Ine ndidati ndikhalepo pang'ono, ndione ngati linunda likugwira msana bwino. Nditakhalapo ndidati ndiyese kugwira chogwirira chimene a Jasi adati n'cholumikizira injini ndi tayala. Nditachigwira, phazi lidagunda giya. Nditachisiya, njinga idadumpha ngati mbuzi yodula chingwe.

Njinga yakapalasa ndimaidziwa, koma iyi ndidali ndisanakwerepo chibadwire. Njira yotuluka pakhomo pathu mukuikumbukira, imatsetsereka kudzera kudimba, n'kukalowa mumsewu wa kuboma, umenenso ndi msewu wa ku Kasina. Ndidafuna kukhota kuti ndibwerere, mahandulo anga otsika aja adagunda thanki n'kundipana chala chachikulu. Ndidafuna buleki ndi phazi lamanja, kumeneko kudali giya, njinga n'kuwonjeza liwiro. Ndidadutsa padimba nditagonera thanki ndendende ngati mnyamata wa pachithunzi. Azimayi onse adaimirira, zothirira zili m'manja, a Nambewe ali pakati pawo, akuona mwamuna wawo akulunjika kwawo osacheuka. Kukweza dzanja sindikadatha. Kukuwa ndidakuwa, koma injini idali ndi mawu kuposa ine.

Apa ndisakunamizeni. Nditapitirira dambo, mantha adatha, ndipo ndidakondwa. Mphepo idandikokera misozi kumakutu. Mitengo ya bulugamu inkadutsa ngati anthu othawa mvula. Bondo limene limandivuta pokwera chitunda ndidaliiwala, imvi ndidaziiwala, mlandu wa mawa lake ndidauiwala. Ndidaimba nyimbo ya kumphero imene munkaimba ija, pakamwa podzaza fumbi. Zaka zonsezi ndakhala ndikusimba za anthu ouluka, tsiku limenelo ndidauluka ndine.

Chimene chidandipulumutsa ndi bwalo la mpira la pasukulu ya kufupi ndi msewu waukulu. Ndidalowamo, ndidazungulira katatu mokhota patalipatali, mpaka phazi lamanzere lidapeza buleki palokha. Nditangoloza kumudzi, petulo adatha.

Kubwerera kudali kukankha, chitunda chokhachokha. Mahandulo otsika ndi abwino pothamanga, koma pokankha amakuweramitsa ngati nkhalamba yofuna singano. Ndidafika pakhomo dzuwa likulowa, malaya onyowa, chala chikutuluka magazi. Pabwalo padali anthu. Pakhonde padali mtolo womangidwa bwinobwino: bulangete langa, malaya a kutchalitchi, kope la kusukulu ya kwacha, nkhwangwa itatsamira pambali. A Nambewe adaima pakhomo, manja ali kumbuyo.

Ine Kalisito, amene ndidadzaza makope atatu a wansembe, mawu adandithawa. Mpweya womwe udali wosakwana. Ndidangoti, "Mayi a Tereza, wothawa sakankha njinga chokwera phiri."

A Damiano adayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. A Nambewe adayang'ana chala changa, adayang'ana njinga, kenaka adanyamula mtolo uja n'kulowa nawo m'nyumba. Ndidagona osadziwa ngati andikhululukira kapena angoopa kuti bulangete linganyowe ndi mame.

M'mawa mwake ndidadzidzimuka ndi phokoso kuseri kwa nyumba, phwaa, ngati wina waswa dzungu. Ndidatuluka wopanda nsapato. Ndidapeza a Nambewe atavala chitenje cha kutchalitchi ndi duku woyera, munsi uli m'manja, linunda langa lili zidutswazidutswa pansi. Adali atapinda thumba la kachewere kanayi, ndipo ndikuyang'ana adalimangirira pamene padali linundapo ndi malegeni odula kuchubu. Ndidati ndidandauleko za ntchito yanga, iwo adandiuza kuti chipandacho chidali cha malemu amayi awo, ndipo amene adayamba kuchiswa si iwo. Awa adali mawu oyamba m'masabata atatu, ndipo adanditsekemera ngati uchi.

"Thiranimo botolo linalo," adatero. "Ngati kuli kuthawa, tithawire limodzi."

Idalira nditangoponda kawiri. Adakhala cham'mbali pathumbapo, adakonza chitenje kuti chiphimbe akakolo, n'kundigwira m'chiuno pamaso pa abale awo onse. Tidayamba kukwera chitunda cha kutchalitchi pang'onopang'ono, phazi langa lamanzere osachoka pabuleki. Amayi, njira yonseyo adandiyankhulira m'khutu. Mwala uwo. Chepetsani. Chalacho mwamanga ndi nsanza yakuda ngati mulibe mkazi. Denga la khitchini likudontha kuyambira Malichi. Mawu onse a masabata atatu adatuluka, ine osayankha, kungomvetsera, ndipo sindikumbuka tsiku lina limene ndidakhala chete mtunda wautali chotere.

Pakati pa chitunda tidapeza a Damiano akuyenda ndi nkhoswe yanga, imene idagona panjira kuchokera ku Kasina. Adapatukira kutchire kuti tidutse. A Nambewe adawakuwira kuti mlendoyo amuphere nkhuku adye, abwerere bwino, za mlandu aiwale. Titafika pabwalo la tchalitchi ndidaima bwinobwino pafupi ndi mtengo wa belu, anthu atatizinga, a Fabiano akuwomba m'manja ndi chipande chili m'khwapa. Mpongozi wanu adatsika mosafulumira, adakonza duku, n'kunena kuti thumbalo likupweteka, mawa lomwe ndipite kwa a Jasi akawotcherere chitsulo chija ndipo chishalo chikhale chokwana awiri. Ndidafunsa, mtima uli m'mwamba, ngati mahandulonso ndiwabwezere mmene adaliri.

"Amenewo asiyeni," adatero. "Mukawerama ine ndimaona kutsogolo."

Amayi, pepala latha ndipo chala chikuwawa. Ndikulonjeza kuti ndikangotenga chiphaso choyendera mumsewu waukulu kuboma, mvula isanagwe, tibwera awiri kudzalambula pamanda pamene mudagonapo, ndipo sowo sindidzaigwiranso ndisanafunse. Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti mwana wawo wakalamba koma nzeru zikubwera.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Kalisito